Waya Wotsala ndi wa Wokulunga

Sukulu anandilanda abale a atate anga. Atate atamwalira, anabwera ndi lole kuchokera kumudzi, natenga mipando, filiji, njinga ndi mapepala a nyumba, ndipo ine ndinalekera pakati pa Giredi 10. Sindilemba zambiri za iwo, chifukwa ena akadali moyo ndipo amandipatsa moni pa maliro ngati kuti palibe chinachitika. Ndikulembera iwe Tiyamike, mwana wanga, za ntchito imene ndinagwira, poti ndaisiya ndisanakwanitse zaka makumi anayi. Adokotala akuti chifuwa changa sichingapirirenso utsi wa vanishi. Anzako akakufunsa kuti felemu ya matabwa ili kuseri kwa nyumba n'njachiyani, uwayankhe kuchokera muno, osati zimene amanena azakhali ako kuti mutu wanga sukoka.

Chaka choyamba, ku Katondo

Ntchito yanga yoyamba inali pa shopu yokulunga waya m'mamota a magetsi ku Katondo, kuseri kwa msika. Mwini wake anali a Zulu, munthu wa kwathu kum'mawa, mkulu wa mpingo, amene anagwira ku njanji, ku masiginolo, mpaka kupuma. Anali wamtali, wowonda, wovala ovolosi yositidwa. Ankalankhula Chichewa cha kumudzi ngakhale anakhala mu Kabwe zaka zochuluka kuposa zanga zobadwa, ndipo ife anyamata a m'tauni tinkamuseka akatembenuka. Tsiku limene amayi anandiperekeza kukapempha ntchito, a Zulu sanandiyang'ane kumaso. Anandipatsa kachitsulo kochokera pa mota, kolembedwa manambala.

“Umadziwa kuwerenga?”

“Ninafika Grade 10, amdala.”

“Sindinafunse komwe unafika. Werenga apa.”

Ndinawerenga. Anandilozera mota yopsa imene inali pakona, nati ndiichotse waya wonse koma ndisakande chitsulo. Ndiyo inali ntchito yanga chaka chonsecho: kutentha, kusolola waya wopsa, kupala timipata, kudula mapepala otchingira. Utsi umene wandipumitsa ntchito lero ndinayamba kuumeza tsiku lomwelo. Kenako anandiphunzitsa kukulunga makoilo, kuwalowetsa m'mipata, kumanga ndi ulusi, kuthira vanishi ndi kuumitsa mu uvuni ya mgolo. Sanali munthu woyamikira. Ntchito ikakhala bwino ankangoti, “Ikani uko.” Ikakhala yoipa ankaidula ndi pulayazi iwe ukuona.

Pa shopupo panali mwambo umodzi umene uyenera kuudziwa, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Kasitomala akabweretsa waya wake, ntchito n'kutha, waya wotsala pa rilo, chokulungirapo wayacho, unali wa munthu amene wakulunga motayo. Osati wa shopu, osati wa a Zulu. Anzanga ankathamangira nawo kwa ogula zitsulo tsiku lomwelo, madzulo ali ku bala. Inenso ndinkatero, sindinali woyera mtima. A Zulu sankalowerera. Ankati munthu akakulunga mosamala, osawononga, chotsalacho ndi umboni wa manja ake.

Chaka chachitatu, felemu yachitsulo

Kumapeto kwa shopu kunali kachipinda kokhoma. Tinkaganiza kuti ndi mosungira ndalama za mpingo. Tsiku lina masana anandiitanira m'menemo. Munali tebulo, laputopu yakale, mahedifoni, ndi kabokosi kakang'ono ngati ka machesi kamene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku South Africa. Anandifotokozera kuti pansi pa masiteshoni onse amene wailesi wamba imagwira, kuli mafunde ena aatali kwambiri, otsika, amene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti aliko. Kumeneko kulibe nyimbo, kulibe mpira. Koma kuli anthu m'maiko osiyanasiyana, ongokonda za wailesi, amene amamanga makina kunyumba kwawo n'kumatumiza kauthenga kafupi: dzina lawo la pa wailesi ndi dera limene ali. Kauthengako kamafika kofooka moti khutu silingamve, koma laputopu imakatola pang'onopang'ono n'kukalemba pa sikirini. Anati kutumiza kumafuna chilolezo, koma iwo ankangofuna kumvetsera.

“Manje mukamumva, mupezapo chani?”

“Ndidzadziwa kuti ndamumva.”

“Chabe?”

“Iwe Yotamu, ukamaonera mpira wa ku Ulaya amakupatsa chiyani?”

Chimene ankasowa chinali eriyo. Waya wautali wopachika pamitengo sungagone panja mu Kabwe; m'mawa umaupeza pa sikelo ya ogula kopa. Ankafuna eriyo yokulunga pa felemu ya makona anayi, yotalika ngati chitseko, yoti izikhala m'nyumba. Mawondo ndi maso awo zinali zitayamba kuvuta, ndiye anati ndiwapangire. Mwezi womwewo munthu wa bekale yophika buledi anabweretsa mamota ang'onoang'ono angapo ndi rilo yake yatsopano, ndipo nditamaliza panatsala waya wambiri, wosadukiza, umene sindinautsalitsepo chiyambire. Sindidziwa chimene chinandigwira. M'malo mopita nawo kwa ogula zitsulo, ndinauyika pa tebulo la a Zulu.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa monga wokulunga mamota. Mu mota, koilo imakhala m'chitsulo, ndipo ikakhala yothina ndiye yabwino. Choncho a Zulu ali ku msonkhano wa mpingo, ndinapita kwa wowotcherera, tinapanga felemu ya chitsulo cha engo, yolimba yoti mbuzi ingamangidwepo. Ndinakulungapo waya mothinana, mwaudongo, ndinamanga ndi ulusi. Ndinatsala pang'ono kuthira vanishi. A Zulu atabwera anaizungulira, anaigogoda ndi chala, kenako analumikiza ku kabokosi kaja n'kundiveka mahedifoni. Munali zii.

“Wapanga geti yabwino,” anatero. “Tikaiike ku tchalitchi.”

Anandifotokozera kuti chitsulo chozungulira chotsekeka chimameza zonse zimene wayayo akanatola, ndipo waya wothinana umadzitsamwitsa wokha. Ndinakwiya. Ndinawauza kuti akanandiuza poyamba. Anati sindinafunse. Ndinamasula waya yense pang'onopang'ono kuti asapindike, tinagula matabwa, ndinacheka timipata m'makona, n'kukulunganso motalikirana, chingwe chilichonse m'kampata kake. A Zulu anachotsa kapasita ya mapuleti mu wailesi yakale ya agogo a munthu wina, yoti tizipotokola posaka malo. Tinaimika felemuyo pa chitsulo cha mpando wa mu ofesi kuti izitembenuka. Ulendo uno m'mahedifoni munamveka phokoso, ngati nyama ikukazingidwa. Phokoso lokhalokha, milungu yambiri.

Chaka chimene malaiti ankapitapita

Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke. Malaiti, ndiye kuti magetsi, ankapita m'mawa n'kubwera anthu atagona. Shopu inavutika, chifukwa mota sungaiyese popanda malaiti, ndipo anzanga awiri anasiya ntchito. Koma mamota ankapsa kwambiri chifukwa cha kubwera ndi kupita kwa malaitiwo, ndiye ntchito sinkasowa. Chimene chinkasowa ndi waya m'masitolo.

Tsiku lina malaiti anapita tili m'kachipinda kaja, laputopu ikuyendera batire yake. Phokoso lija linangoti zii, ngati munthu watseka pompi. Pansi pake panali kulira kwakung'ono, kobwerezabwereza, kwina kotalika kwina kofupika. Ndinawapatsa a Zulu mahedifoni. Anatseka maso, milomo ikuyenda. Ankadziwa zizindikiro za Morse kuyambira unyamata wawo. Anati ndi chizindikiro cha pa bwalo la ndege, chimene chimangotchula zilembo zake usana ndi usiku kuti oyendetsa ndege adziwe njira. Nditatembenuza felemu, kulirako kunazimiririka; nditaibweza, kunabwerera. Ndinachita zimenezo kambirimbiri ngati mwana. Chinthu chimene ndinakulunga ndi manja anga chinkaloza kumene kuli bwalo la ndege limene sindinalionepo.

Tinazindikira kuti adani athu anali pafupi: chaja ya laputopu yomweyo, mababu otchipa, machaja a mafoni pa kantemba ka pafupi, makina owotcherera. Kuyambira pamenepo tinkayendetsa zonse pa batire ya galimoto. Anthu onse mu Katondo ankatukwana malaiti akapita; ine ndi mkulu wa mpingo tinkayang'anana n'kulowa m'kachipinda. Amayi ako ankati ndine munthu yekhayo mu Zambia wokondwera ndi mdima.

Tinamva zizindikiro za ndege zingapo, zina za kutali. Koma chimene a Zulu ankafuna, munthu wamba wotumiza ali kunyumba kwake, sitinachipeze. Mafunde amenewa amayenda patali kukada, ndiye tinkasiya makina akuyenda poweruka n'kudzaona m'mawa ngati laputopu yalemba kanthu. Nyengo ya mvula inali yotaya nthawi, chifukwa mphezi iliyonse, ngakhale ya ku Congo, inkalowa m'felemu. A Zulu anati tidikire chisanu, Juni ndi Julayi, kumwamba kukakhala bata. Chisanu choyamba batire inatifera. Tinakonza zonse kudikira chachiwiri.

Juni wa chaka chachisanu

Chisanu chachiwiricho chisanafike, a Zulu anagwa pa shopu. Anatuluka m'chipatala dzanja ndi mwendo wa kumanzere zosagwira, ndipo ankagona kunyumba kwawo. Makiyi anandipatsa ine. M'mawa uliwonse ndinkaona pa laputopu, kenako madzulo ndinkadutsira kwawo kukawauza. “Palibe, amdala.” Iwo ankati, “Mawa.” Tonse tinkadziwa, ngakhale sitinkanena, kuti Juni wina sadzamuona.

Pa tchalitchi chawo panali boholo ndi thanki, ndipo chaka chimenecho mipope ya m'nyumba inkangotulutsa mphepo. Azimayi a mbali yonseyo ya Katondo, a mpingowo ndi osakhala a mpingowo, ankatunga pamenepo. Mota ya pampu yokweza madzi mu thanki inapsa. Akuluakulu a mpingo anapita nayo kwa a Zulu ali pa bedi, ndipo iwo, osandifunsa, analonjeza kuti pofika Sabata madzi adzakhala akutuluka. Ankalonjeza ngati akadali ndi manja awiri.

Ndinaisolola motayo, ndinakulunga ndi waya amene tinali naye, ndipo anandithera makoilo omaliza asanakwane. Ndinazungulira masitolo onse a m'tauni. Saizi imeneyo kunalibe. Ndinaimbira ku Ndola ndi ku Lusaka. Onse anati katundu ali pa boda, mwina mwezi wamawa. Waya wonenepa sakanalowa m'mipata, wowonda akanapsa sabata yomweyo. Ndinabwerera ku shopu, ndinakhala pa benchi, ndipo sindinafune kuyang'ana ku kachipinda kaja, chifukwa ndinkadziwa kale. Waya wa pa felemu anali saizi yomweyo, wosadukiza, wosatenthedwapo.

Popita kwa a Zulu ndinadutsa pa tchalitchi. Zigubu zachikasu zinali pa mzere kuyambira pa thanki mpaka pa msewu, zopanda eni, aliyense atasiya chake kuti chimusungire malo. Mayi wina wogulitsa tomato anandizindikira.

“Ba injiniya, manzi ni liti? Ana bayamba kutapa ku mugodi uja wa njerwa.”

“Tikonza, amai.”

“Mukonza, mukonza. Na imwe mwankhala ba council?”

Ndinawapeza a Zulu atakhala pa mpando pakhonde, atafunda bulangete, amayi Zulu akuwamwetsa tiyi. Ndinawauza zonse mosazungulira. Ndinkafuna andilamule. Akanati masula, ndikanamasula n'kuwakwiyira. Akanati usakhudze, ndikanapita kukauza mpingo kuti udikire mwezi, mlandu n'kukhala wawo. Anayang'ana dzanja lawo lakufalo.

“Waya uja ndi wa yani?” anafunsa.

“Ni wa eriyo yanu.”

“Sindinafunse ali pati. Anatsala pa ntchito ya yani?”

“Yanga.”

“Ndiye ukundifunsiranji?”

“Amdala, imwe ndimwe munalonjeza, not ine. Manje mufuna ine ninkhale woipa?”

“Ndinalonjeza, inde. Ndinalakwa kulonjeza ndi manja a mwana wa eni. Koma mwambo wa shopu sindinauphwanyepo, ndipo sindiyamba lero chifukwa ndagona. Ukausiya pa felemu, sindidzakunena. Ndikufuna kumuona munthu ameneyo, Yotamu, usaganize kuti sindikufuna.”

Amayi Zulu anati, “Tiyi wanu akuzizira.”

Ndinatuluka ndili ndi ukali umene sindinaumvepo chichokereni lole ija. Zinthu zonse zimene ndinatayapo m'moyo anthu anachita kundilanda, ndipo ndinali ndi wom'tukwana. Ichi chokha anandisiyira kuti ndidzilande ndekha. Ndinaganiza zoti ndidikire masiku ochepa, mwina munthuyo angatulukire pa sikirini kenako n'kumasula. Koma tinali titadikira zaka ziwiri, ndipo ana anali atayamba kale kumwa madzi a m'dzenje la njerwa. Iwe unali ndi zaka ziwiri, ndipo ndinkadziwa chimene madzi otero amachita m'mimba mwa mwana.

M'mawa mwake ndinayang'ana pa laputopu komaliza. Panalibe kanthu. Ndinachotsa kapasita, ndinayamba kumasula, ndikukulungira wayayo pa rilo yopanda kanthu, ndikumupukuta ndi kansalu ndi kumuyang'ana ngati wakandika pena. Anakwanira makoilo otsalawo, n'kutsala kachidutswa kosakwana kumangira thumba la makala. Loweruka masana tinaimanga pampuyo, malaiti atabwera inalira, ndipo madzi anayamba kugwera mu thanki. Pa Sabata analengeza m'tchalitchi kuti a Zulu asunga mawu awo, anthu anawomba m'manja. Dzina langa silinatchulidwe. Sindikudandaula, ndikungolemba zimene zinachitika.

Madzulo ake ndinapita kwawo. Anandifunsa ngati pampu ikutentha. Ndinati ayi. Anati, “Ikani uko,” ngati kuti tili pa shopu. Kenako anati, “Katundu akachoka pa boda, ndidzakugulira rilo yathunthu. Osati zotsala. Yathunthu, yosatsegula.” Ndinawauza kuti ndamva. Katunduyo anafika mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba. A Zulu tinali titawaika m'manda kumapeto kwa Julayi.

Zaka za pambuyo pake

Mwana wawo anabwera, anagulitsa shopu ndi zida zonse. Sindimuimba mlandu, anali ndi amayi ake oti awasamale. Anandipeza ndikusesa kachipinda kaja nandifunsa ngati felemu ya matabwayo ili ndi ntchito. Ndinati ilibe waya. Anati nditenge pamodzi ndi kabokosi ndi laputopu, chifukwa atate ake ankanditchula pa foni. Ndinazinyamula pa wilibala mpaka kuno ku Kamushanga.

Ndinagwira kwa anthu ena awiri. Woyamba anali ndi shopu m'tauni, ndipo kwa iye waya wotsala ankayezedwa pa sikelo n'kutsekeredwa mu kabati. Nditamuuza za mwambo wa ku Katondo anaseka, nati, “Iyo ni charity, mwana, not business.” Wachiwiri ankatenga ntchito za m'mafamu a cha ku Mulungushi, ndipo tinkatenthera mamota m'chipinda chopanda zenera. Kumeneko ndiko chifuwa chinatheratu. Za iwo ndilibe zambiri zolemba. Anali mabwana chabe.

Felemu inakhala yopanda kanthu zaka zitatu. Sindinkafuna kuiona. Amayi ako ankayanikapo matewera a mng'ono wako. Kenako ndinagula waya ndi ndalama zanga, pang'onopang'ono, ndinakulunganso m'timipata tomwe tija. Mu Julayi wina, m'mawa kukuzizira, ndinatsegula laputopu ndisanasambe, monga ndinazolowera, ndipo panali mzere umodzi. Zilembo ndi manambala ochepa: dzina la pa wailesi la munthu wina, ndi chizindikiro cha dera lake, ku South Africa. Ndinakhala pansi pa simenti. Sindinalire, usandiwonjezere zimenezo ukamadzafotokoza. Ndinangokhala mpaka amayi ako anabwera kudzafunsa ngati ndadwala.

Tsiku lomwelo ndinanyamula laputopu kupita ku Katondo kwa amayi Zulu. Anavala magalasi, anayang'ana mzerewo nthawi yaitali.

“Ndi ameneyu ankamudikira?”

“Ni wamene uyu, amai. Olo munzake.”

“Ndiye akuti chiyani?”

“Akamba zina yake na kwamene ali.”

“Basi? Ngakhale moni?”

“Olo moni.”

Anavula magalasi, anawapukuta ndi chitenje. “Akanagwirizana ndi atate ako a Zulu ameneyu,” anatero. Anandiphikira tiyi. Pobwerera ndinadutsa pa tchalitchi. Pampu inali kulira, ndipo mtsikana wina ankatsuka chigubu pa pompi, madzi akutayikira pansi. Ndinamuuza kuti atseke pompiyo. Anandiyang'ana ngati ndine wamisala, koma anatseka.

Mota ija ikugwirabe mpaka lero, sinabwererepo ku shopu ya munthu aliyense. Za nyumba ya atate anga ndinaleka kuwerengera, sizidzabwera. Za lonjezo la a Zulu amayi Zulu sadziwa, ndipo usakawauze. Koma ndikulemba pano kuti pakhale poonekera: a Zulu anapita asanandipatse rilo imodzi ya waya, yathunthu, yosatsegula.